Mtengo wa Kamera Yakale

"Ndiye kuti mwatha, bwana?" anafunsa a Mwetulirani ataimirira, chipewa chili m'manja.

Mwana wawo wamkazi, amene anali namwino, anawakoka jekete kuti akhale pansi, koma iwo sanasunthe. Dzina loti Mwetulirani anawapatsa ndi anthu amene ankawajambula, poti ndiwo mawu amene ankanena nthawi zonse asanadine kamera. Lero pankhope pawo panalibe kumwetulira.

Woweruza, mayi wovala magalasi, anali atangopereka chigamulo. Mlonda amene anathyola situdiyo ya a Mwetulirani apite kundende, ndipo akadzatuluka adzabweze pang'onopang'ono mtengo wa kamera ndi wa loko amene anaphwanya.

"Nanga bokosi lija?" anafunsanso a Mwetulirani.

Bokosilo linali lachitsulo, lodzaza ndi mafilimu a zithunzi zonse zimene anajambula chiyambire unyamata wawo. Mlondayo ankayesa muli ndalama. Atapeza kuti mulibe chogulitsika, anakhuthulira zonse m'ngalande, mvula n'kumalizitsa.

"Bambo, ndamva zonse zimene munanena," anatero woweruza, mawu atatsitsa. "Koma lamulo limandilola kulamula kuti munthu abweze chinthu chimene mtengo wake ungadziwike. Komanso ndi mtengo wa lero, osati wa tsiku limene munagula. Mafilimu aja palibe amene angawaikire mtengo. Za ntchito yanu imene yaima, mukhoza kukasuma padera."

"Mmenemo munali malemu akazi anga, bwana."

Mlonda uja anaweramitsa mutu. Woweruza anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Pepani kwambiri. Pamenepo mphamvu zanga sizifikapo."

Atatuluka, a Mwetulirani anakana kupita kunyumba. Anati akufuna akaone kusitudiyo, ndipo namwino anawaperekeza.

Kachipindako kanali momwe kanalili kale. Kukhoma kunali nsalu yojambulidwa mapiri ndi mathithi, yosuluka moti thambo lake linkaoneka ngati phulusa. Panali mpando wa manja awiri, maluwa apulasitiki, ndi telefoni yakufa imene anyamata akale ankaigwira kukhutu kuti aoneke ngati mabwana. Pamsomali panali jekete ndi tayi zobwereketsa.

A Mwetulirani anakhala pampando paja. Anakumbukira masiku amene mzere unkafika kunja, atsikana akubwerekana ndolo pakhomo, makanda akulira, azibambo akufunsa ngati wotchi ioneke. Malemu akazi awo ankaima pakona ndi chipeso ndi botolo la mafuta. Munthu wa nkhope yotuwa sankamulola kudutsa. "Mukufuna adzukulu anu adzati munkadwala?" ankatero, kwinaku akumupaka.

"Tikasume, bambo," anatero namwino. "Woweruza wanena yekha kuti njira ilipo. Loya ndimupeza ine."

"Kuti atipatse chiyani? Sunaone nsapato za mlonda uja? Zala zinali panja."

"Ndiye angopita choncho?"

"Wapita kundende, mwanawe. Ngakhale atandigulira makamera khumi, amayi ako atulukamo?"

Namwino anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Komanso kamera yanuyo! Mtengo umene atchula uja sungagule n'foni yomwe."

"Usainyoze. Ndi imene inakulipirira sukulu."

"Inkachita kufuna kumenyedwa kaye kuti itsegule diso."

"Inkafuna ulemu, osati kumenyedwa. Inu a mafoni simungamvetse."

Anaseka onse awiri, ndipo kusekako kutatha chipindacho chinaoneka chachikulu kuposa kale. Namwino anayamba kupukuta fumbi pa telefoni ija ndi mpango wake.

"Chabwino n'chakuti chithunzi china ndili nacho kwanga," anatero. "Chija amayi atandinyamula, ine ndikulira. Ndipo kwa azakhali kuli cha paukwati wawo, amayi ataima kumbuyo. Ndikhulupirira nyumba iliyonse m'tauni muno ili ndi chithunzi chojambula inu pakhoma."

A Mwetulirani anamuyang'ana. Mwezi wonse ankangoganiza za ngalande ija, osaganizako zoti filimu iliyonse inabala chithunzi, ndipo chithunzicho chinapita ndi mwini wake. Ena mwa eni akewo anamwalira, ena anasamuka. Koma ambiri analipo, okalamba ngati iwo omwe, m'misewu imene ankaidziwa bwino.

"Foni yakoyo," anafunsa mokayikira, "ingajambule chithunzi chimene chili kale m'galasi?"

"Bwinobwino. Si inu mumati foni ndi choseweretsa ana?"

"Ndikunenabe. Tabwera nayo kuno, undionetse podina."

Zala zawo zinali zouma, ndipo kangapo konse anadzijambula okha mphuno. Namwino anawagwira dzanja mpaka linazolowera.

M'mawa mwake sanatsegule situdiyo. Anavala jekete lawo labwino, n'kuyenda wapansi mpaka kwa telala wina wopuma ntchito, amene ukwati wake ndiwo unali woyamba kuujambula. Anaima pageti ngati munthu wodzapempha ntchito.

"Odi kuno!"

Telalayo anasuzumira pawindo, n'kutsinzinira kuti aone bwino. "Ha! Mukadali moyo inu? Mwadzatani?"

"Ndadzabwereka ukwati wanu, achimwene. Ndibweza pompano."

Telala anatsegula chitseko, n'kuitana akazi ake kuti abwere ndi mpando wokwerapo potsitsa chithunzi chaukwati pakhoma.