Nkhasi ya a Lodwick

A Lodwick atapuma pantchito ya njanji ku Salima, anakakhala ku Senga Bay, pafupi ndi nyanja. Kumeneko anapanga okha thanki yagalasi ndi mawindo a bogi yakale ya sitima, n'kuikamo nkhasi, kamba wam'madzi uja. Anawapatsa ndi mnansi wawo, msodzi Abdulkarim, itakodwa muukonde wake. Aliyense wofika pakhomo ankayamba waonetsedwa nkhasiyo asanapatsidwe mpando.

Patchuthi cha ufulu mu Julaye, mwana wawo Benedicta, amene ankaphunzira za unamwino ku Lilongwe, anabwera ndi mphatso: maluwa apulasitiki ofiira, a masamba obiriwira.

"Ababa, awa safota. Muike m'nyumba ya mnzanuyo."

A Lodwick anawabzala pakati pa timiyala, ndipo anaitana Abdulkarim kuti adzaone zimene ana ophunzira amabweretsa.

Sipanapite nthawi, nkhasi inasiya kudya. Usipa unkangoyandama pamwamba, iyo ili phee pakona, mutu uli m'chigoba. A Lodwick anaona kuti tsamba limodzi lalumidwa, koma anamubisira Benedicta. Akanayamba bwanji kuipitsa mphatso ya mwana?

Benedicta anazindikira yekha akusesa. Anazula duwalo, nalizondotsa, napeza pamene panadyedwa, ndiponso kawaya kakuthwa katatulukira kuphata.

"Munaona kale, eti?"

"Ndinaona, mwanangu."

"Ndiye bwanji osandiuza? Wodwala sabisidwa, ababa."

Sanataye nthawi ndi kudandaula. Anachotsa maluwa onse, anafunditsa madzi pang'ono, nawayesa ndi chigongono, n'kuika nkhasi m'beseni. Anaiyang'ana kukamwa ndi tochi ngati waya anaibaya, koma munalibe bala. A Lodwick ankafuna kuimwetsa mafuta ophikira.

"Ayi. Ingatsamwe. Za nkhasi sitinaphunzire, koma chimene sindikuchidziwa sindichichita. Tiisunge pofunda, tidikire."

Bambowo anabweza botolo pashelefu. Anakhala pampando n'kumaonerera manja a mwana wawo, manja amene kale ankagwetsa makapu, tsopano akugwira kanyama mwaluso. M'mawa uliwonse Benedicta ankasintha madzi ndi kuwasefa pakansalu koyera, kufufuza ngati nkhasi yatulutsa chimene inameza.

Tsiku loti mawa lake abwerera ku Lilongwe, anaitana bambo ake. Pakansalupo panali kachidutswa kobiriwira, kochepa ngati chikhadabo cha khanda. Madzulo ake nkhasi inatulutsa khosi n'kukhwatula nyongolotsi.

Abdulkarim anabwera ndi zomera zam'madzi zimene anazula kumatanthwe, natsuka bwino.

"Alhamdulillah. Izi ikadya, yadya ndiwo," anatero.

Benedicta anafuna kutaya maluwa aja kudzala, koma bambo ake anamulanda. Anawaimika m'botolo pamwamba pa wailesi, kutali ndi madzi.

M'mawa anamuperekeza kudepoti ku boma, atavala jekete lawo la kunjanji. Basi inali itadzaza, ndipo kondakitala ankalozera mtsikanayo kumbuyo, pa matumba a mpunga wa ku Chinguluwe.

"Achimwene," anatero a Lodwick mokweza kuti onse amve, "awa ndi anamwino. Apezereni malo abwino."

"Ababa, sindinamalize sukulu," ananong'ona Benedicta.

"Ine ndaona ndi maso anga."

Mayi wina anasendeza dengu lake, Benedicta n'kukhala pawindo.