Mlomo wa Mbalame m'Chifuwa cha Kachiwala

Mwana wamkazi wa telala uja onse ankamutcha Kachiwala, chifukwa anali woonda ngati mpini wa tsache ndipo sankatha kudya atakhazikika. Akameza kawiri katatu ankadzambatuka pampando, kukweza manja m'mwamba, kudumphadumpha, kenako n'kugugudiza kapu ya madzi.

"Iwe, pano si pabwalo la mpira," ankakalipa mayi ake.

"Chakudya chaima panjira, amayi. Ndikuchigwedeza kuti chitsike."

"Chaima chikudikira basi?" ankamunyogodola mchimwene wake, kukamwa kuli tho.

Onse ankaseka, nayenso n'kuseka nawo, koma mumtima zinkamuwawa. Njala ankaimva ndithu. Mpunga ankaukonda, buledi ndiye osanena, koma zikafika pachifuwa zinkangounjikana, mwina n'kubwerera kukamwa zili momwe anazimezera.

Azakhali ake anati ndi njoka za m'mimba. Kachiwala anamwa mankhwala a njoka, koma sizinasinthe. Mayi woyandikana nawo nyumba anati ndi matama chabe, mwana akufuna chiuno cha pa TV. Tsiku lina bambo ake akumuyeza yunifolomu yatsopano anaima, n'kuyezanso, n'kuyang'anitsitsa tepi ngati yawatukwana.

"Mayi ake mwana, tabwerani. Ana a eni ndimawawonjezera nsalu chaka ndi chaka. Wanga yekhayu ndizimuchotsera?"

M'mawa mwake anatseka shopu n'kupita naye kuchipatala limodzi ndi mayi ake.

Kumeneko anamumwetsa zinthu zoyera ngati choko chosungunula, uku akumujambula m'chifuwa. Kenako dokotala, mayi wamagalasi okhuthala, anamuonetsa chithunzi. Njira ya chakudya inali itafufuma ngati thumba, kumunsi kwake kuli kosongoka.

"Ukuona chiyani apa?"

"Mlomo wa mbalame," anayankha Kachiwala, maso ali tong'o. "Ndinameza mbalame?"

"Ayi, mwanawe," anaseka dokotala. "Apa pali kakhomo kolowera m'mimba. Ka anzako kamatseguka kokha chakudya chikafika, koma kako kamachita makani. Matendawa timawatcha akalaziya, ndipo mwa ana sapezekapezeka."

"Nanga kudumpha kuja?" anafunsa mayi ake motsitsa mawu.

"Ankadzithandiza yekha, mayi. Mwanayu ndi wochenjera."

Kachiwala anawayang'ana mayi ake cham'mbali, akudikira kuti anenepo kanthu. Iwo anangomukonza kolala yomwe inali kale bwinobwino.

"Ndiye muchita bwanji, adokotala?" anafunsa bambo ake.

"Tidula pang'ono mnofu wothinawo kuti pamasuke."

"Ooh, kumasula msoko basi!"

"Ntchito yanu yomweyo, bambo, kungoti nsalu yathuyi timayamba taigoneka tulo."

Mantha anamugwira Kachiwala pamene ankamukankha pakabedi kamateyala, koma asanamalize kufunsa namwino ngati ziwawa, anali atagona. Anadzuka ndi timabandeji pamimba, pakhosi pali gwa. Masiku otsatira anali a zakumwa zokhazokha, kenako zofewa, zomwe ankadya akung'ung'udza. Dokotala anamulangiza kuti azitafuna mofatsa, madzi ali pafupi, ndiponso azibwera kudzaonedwa.

Tsiku lomwe anamulola buledi, banja lonse linasiya kudya n'kumuzungulira. Anabenthula kachidutswa, kutafuna mpaka nsagwada kutopa, n'kumeza. Anagwira pachifuwa, akumvetsera. Kachidutswako kanatsika pang'onopang'ono, kanafika pamalo pa makani paja, kanazengereza, kenako kanadutsa.

"Kalowa!" anakuwa.

Mayi ake anathamangira kukhitchini, ati akukaona ketulo, pamene pambaula panalibe kanthu. Bambo ake anatsokomola n'kumukankhira mbale yonse. Kachiwala anadya modekha ngati mlendo wolemekezeka, kenako anatambasula dzanja n'kutenga dzira la mchimwene wake.

"Ababa, mukumuona?" anadandaula mchimwene wakeyo.

"Ndikumuona," anatero bambo ake akumwetulira. "Mupatsenso mchere."