Ndere ya pansi pa thanki

Mwamuna wanga ndi mng'ono wake akhala akukangana zaka khumi ndi chimodzi pa nkhani ya nyansi za nsomba. Inde, nyansi za nsomba, anthu akuluakulu a imvi kumutu.

Onse awiri amaweta makorali, timiyala tamoyo ta m'nyanja ya mchere, pamodzi ndi nsomba m'mathanki a galasi. Alamu amasefa madzi ndi makina a thovu: amapokosera, amakankhira zonyansa m'kapu zisanawole, iwe n'kukataya. Mwamuna wanga ankati makinawo ndi akuba, amachotsa ndi chakudya cha makorali chomwe. Iye anaika kaneti m'kabati pansi pa thanki, madzi akuyenderera pamenepo, babu ikuwala. Pa netipo pankamera ndere, ndipo ndereyo inkadya zonyansa mwakachetechete. Loweruka lililonse ankaipala ndi supuni, n'kusiyako ina.

Ine ndinkadana nayo. Ndine munthu wochapa ndi tsache lomwe, ndiye m'nyumba mwanga mukhale chinthu chobiriwira, choterera, chonunkha ngati ngalande? Koma sankalola kuti ndiikhudze.

Kenako anadwala sitiroko, mbali yakumanja inafa. Miyezi iwiri m'chipatala sanafunseko za galimoto kapena za ntchito. Ankangofunsa za korali lake lofiirira, lomwe analiyamba lili ngati chikhadabo, n'kukula mpaka kuposa mutu wanga. Namwino akamuyendetsa, ankawerenga masitepe khumi ndi anayi, mtunda wochokera pa bedi lathu kukafika pa thanki. Adokotala anandiuza kuti chimene chikumudzutsa munthuyu n'chimenecho.

Atanena kuti atuluka Loweruka, ndinakonza nyumba yonse Lachitatu. Makatani, mawindo, kuseri kwa firiji. Nditatsegula kabati ija ndinapeza ndere itachita nkhalango. Ndinati, afike n'kuona zimenezi? Ndinachotsa neti, n'kuiviika m'mankhwala oyeretsera zovala, n'kuikwecha ndi burashi mpaka inati mbee. Ndinaitsukuluza kamodzi, n'kuibwezera. Ndinali wonyada, ndisaname.

Lachinayi m'mawa nsomba ziwiri zinali zitayandama chagada. Makorali anali atafota, akutulutsa zonanda.

Alamu anabwera akuthamanga, makina awo a thovu ali kukhwapa. Ananunkhiza neti ija, n'kukhala pansi.

"Mlamu, mwatani?"

"Ndangoyeretsa."

"Ndere ija ndiyo inali sefa. Ndipo mankhwalawa alowa m'madzi monse."

Tinasintha madzi, ndowa ndi ndowa, makina awo akulira tsiku lonse, kapu ikudzaza ndi thovu lakuda. Munthu amene zaka zonsezi ankafuna kupambana mkangano uja sananene ngakhale liwu limodzi lodzitama. Ndinalakalaka atanditukwana.

Lachisanu madzulo korali lofiirira lija linali litasendeka, latsala fupa loyera lokhalokha.

Lero ndi Loweruka. Mwamuna wanga ndamupeza kuchipatala atavala kale, nsapato atamanga yekha ndi dzanja limodzi, ndodo ili pamwendo.

"Mayi," wandiuza, akukoka mawu, "lero ndafika khumi ndi asanu. Ndipitirira thanki."

Waseka, ine ndalephera kumuyang'ana. M'galimoto wandifunsa ngati supuni yake ikadali m'kabati.

"Ilipo," ndatero.

"Nanga kunyumba kuli bwanji?"

Ndagwiritsitsa chiwongolero. Tatsala ndi misewu iwiri.

"Kwayera, bambo. Zonse zayera."