Zipolopolo Zotalika

Agatha anagwira usilikali zaka makumi awiri, zambiri mwa zakazo ali m'nkhokwe ya zida, kupukuta ndi kukonza mfuti za anzake. Atapuma sanabwerere kwawo ku Ntcheu. Anapeza ntchito yoyang'anira alonda pafamu ina ku Nkhudzi, komwe a Macloud ankaweta chambo m'makola oyandama panyanja.

Pafamupo panali mfuti ziwiri za m'manja, zonse zachiphaso, za mtundu uja wa kamgolo kozungulira ka mabowo asanu ndi limodzi. Ina inali yatsopano, yolembedwa 357 pampope. Inayo inali yokalamba, yolembedwa 38, imene a Macloud anasiyiridwa ndi bambo awo. Agatha ankaika zipolopolo za 38 m'mfuti zonse ziwiri, poti yatsopanoyo inapangidwa moti izilandiranso zimenezo popanda vuto.

Za 38 zitatha, a Macloud anabwera ndi mabokosi a 357 okhaokha.

"Izi zipita mu yatsopano yokha, bwana," anatero Agatha atawerenga pabokosi.

"Nanga inu simwakhala mukusakaniza masiku onsewa?"

"Chaching'ono chimalowa mwa wamkulu. Chachikulu mwa wamng'ono ayi."

Agatha anatenga mfuti yokalamba ija n'kulowetsa chipolopolo chimodzi m'bowo. Chinatsakamira, thako lili panja, kamgolo n'kukana kutseka.

"Mwaona? Opanga anachitalikitsa dala kuti munthu asalakwitse. Mphamvu yake ndi pafupifupi kawiri. Chitsulo ichi sichingapirire."

A Macloud anangogwedeza mutu n'kuika mfutiyo m'chikwama mwawo.

Anabwera nayo Lolemba m'mawa, akumwetulira ngati munthu amene wapha mvuu ndi mbedza. Alonda anali atafola pansi pa mtengo wa mango. Wadi, bambo wa ana anayi wochokera ku Makanjira, ndiye anali kukonzeka kukwera boti kupita kumakola, komwe akuba anali atang'amba maukonde kawiri mwezi womwewo.

"Vuto lanu lija latha," anatero a Macloud. "Ndapeza mmisiri wa zitsulo ku Mangochi, wakuza mabowo. Tsopano zikulowa bwinobwino. Ikanimo, mupatse Wadi."

Agatha anatsegula kamgolo n'kuyang'ana mabowowo polozetsa kudzuwa. M'kati munali mikwingwirima yatsopano yonyezimira. Anamva mtima ukuwira. Anali atawonapo dzanja la msilikali amene mfuti inamuphulikira, ndipo kwa sabata yathunthu nyama sinamulowe pakamwa.

"Sindipereka."

"Mwati bwanji?"

"Mmisiri wanu wachotsa chitsulo, sanawonjezere. Mfutiyi yafooka kuposa kale. Tsopano ngakhale zake zomwe za 38 sindingaikemo."

"Mayi, kuno si kubalakisi. Mfuti ndi yanga, famu ndi yanga, ngakhale yunifolomu mwavalayo ndi yanga."

"Zoona, bwana. Koma dzanja ndi la a Wadi."

Alonda anazyolika, wina n'kutsokomola. A Macloud anatola mfutiyo patebulo, n'kuikamo okha zipolopolo zonse zisanu ndi chimodzi. Kamgolo kanatseka kuti khe. Anaitambasulira kwa Wadi.

Wadi anayang'ana Agatha, kenako bwana wake. Ntchito ankaifuna, aliyense ankadziwa zimenezo. Manja ake anayamba kunyamuka pang'onopang'ono.

Agatha analowa pakati pawo.

"Ngati ili bwino, yambani inuyo," anatero. "Chulu ndi icho, kumbuyo kwake kulibe munthu. Ife tisuntha tiime patali. Ombani kamodzi kokha."

Anakankhira alonda kuseri kwa khoma la stolo, iye n'kuima pakona, manja atapinda pachifuwa. A Macloud anatsala okha pabwalo. Analozetsa mfuti kuchulu. Anaima choncho nthawi yaitali, thukuta likutsika m'khosi, nkhope ataitembenuzira kumbali ngati munthu woyatsa mbaula ya palafini yodontha. Chala chinafika pachowombera koma sichinakoke. Kenako anatsitsa dzanja.

"Sindingayesedwe ndi wantchito wanga," anatero. "Wadi, bwera utenge."

"Ngwamba, bwana," Wadi anayankha m'Chiyao chakwawo, ali kuseri kwa khoma komweko. "Iyayi. Ndipita ndi chibonga."

Pamenepo a Macloud anapsa mtima kwenikweni. Anauza Agatha kuti avule yunifolomu, achoke pafamupo dzuwa lisanafike pamutu.

"Ndichoka," anatero Agatha. "Koma yambani mwandipatsa ndichotsemo zipolopolo. Simungamayende nayo choncho pakati pa anthu."

A Macloud anamupatsa. Agatha anakhuthula zipolopolozo, n'kuzibwezera m'bokosi mwake. Anamangirira kapepala pamfutiyo, nalembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti YOWONONGEKA, OSAOMBA. Kenako anaitsekera m'kabati yachitsulo n'kupereka makiyi m'manja mwa eni ake.

"Ndikuuziranitu pamaso, musadzati ndinakudyerani miseche. Kuchoka pano ndikupita kupolisi kukanena kuti mfuti yachiphaso yasinthidwa."

"Mukapita, simudzapezanso ntchito kunyanja kuno."

"Ndamva, bwana."

Anasintha zovala, anatsanzika alonda mmodzimmodzi, n'kuyenda wapansi mpaka kumsewu waukulu komwe anakwera kabaza.

Apolisi anabwera Lachitatu n'kuitenga mfutiyo, ndipo sinabwererenso. A Macloud anayendera nkhaniyo maulendo angapo, chiphaso cha mfuti inayo chili pangozi. Mawu awo aja anawasunga ndithu: malo ogona alendo atatu anamukana Agatha atangomva dzina lake. Anakhala miyezi isanu ali pakhomo, akulima tomato kuseri kwa nyumba ya lendi.

Mwezi wachisanu ndi chimodzi, kampani ina ya alonda ku Mangochi inamuitana kuti aziphunzitsa olembedwa kumene. Pofunsidwa chifukwa chimene anachokera ku Nkhudzi, anafotokoza zonse osabisa kanthu, n'kuwonjeza kuti akadzamuuza zangati zomwezo adzakananso. Mkulu wa kampaniyo anamufunsa ngati angathe kuyamba mawa lake.