Makala a Zitsononkho

Nyengo yozizira itafika, madala a pakhomopo anayamba kugona atavala jekete ndi chipewa. Nkhuni zinali zitasowa dera lonselo, ndipo chifuwa chawo chinkamveka mpaka kumsewu. Mwana wawo wamkazi wa kutauni anaimba foni kuti akubwera kudzawatenga. Sakanalola bambo ake kuuma m'nyumba yozizira choncho.

Mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wamwamuna, mtima unamuwawa. Madalawo anali aliuma, odandaula chilichonse, koma iye ankawakonda, ndipo ankadziwa kuti kutauni azikangokhala pawindo opanda wokangana naye.

"Zimenezi tikonza ndife," anatero mwamuna wake, amene anthu ankamutcha Injiniya chifukwa tsiku lina anakonza wailesi n'kuipheratu.

Awiriwo anatolera zitsononkho ndi makoko a mtedza, n'kuzipsereza mumgolo. Atazisinja, anazikanda ndi phala la ufa wa chinangwa kuti zigwirane, kenako n'kumazipanikiza m'kapaipi. Mkaziyo ananena kuti phalalo lichepe. Injiniya anathira mowolowa manja ngati akudyetsa alendo, n'kuyanika makala oumbawo pabwalo.

M'mawa wa tsiku lobwera mlamu wake wa kutauni uja, mkaziyo anapeza mbuzi zitaima pamkeka woyanikirawo, milomo ili bii, zikumuyang'ana mopanda manyazi n'komwe. Makala onse ouma zinali zitakukuta.

"A Injiniya," anaitana, "tabwerani mudzalonjere makasitomala anu."

Anatsala aawisi okha, amene anaumbidwa dzulo lake. Kuchitira mwina kunalibe. Anawaika pambaula m'chipinda cha madala n'kuyamba kukupiza, ndipo nthawi yomweyo galimoto inaima panja.

Mlamuyo analowa ndi chikwama chachikulu, n'kukumana ndi utsi uli tolotolo.

"Achimwene, kodi bambo anga mukuwawamba ngati nsomba?"

"Ayi achemwali, ndi sayansi imeneyi," anayankha Injiniya, akutsokomola.

Mpongoziyo anatsegula zenera, manyazi ali tho. Onse m'chipindamo misozi inali mbwembwembwe. Mlamuyo sanafune kumva zambiri. Anayamba kuchotsa malaya a bambo ake pamsomali n'kumawapinda, ndipo mpongoziyo anangoti basi, zatha, madala apita.

Koma makala aja anauma pamoto pomwepo. Utsi unayamba kuchepa mpaka unatheratu, mbaula inafiira psuu, ndipo kutentha kunadzaza chipinda chonse. Injiniya anapukuta m'maso n'kutukumula chifuwa. Mlamuyo naye anapukuta, akuseka ngakhale sankafuna.

Madala okha misozi inali ikutsikabe.

"Bambo, utsitu watha," anatero mwana wawo wa kutauniyo.

"Ndikuona. Maso ndili nawo."

"Nanga mukulira chiyani?"

Madalawo anayang'ana malaya amene anali m'manja mwake.

"Jekete imeneyo malemu amako ndi amene anaikhomera msomali wake. Kwanuko mukaipachika pati?"

Mpongoziyo anaweramitsa mutu n'kumakupiza moto umene unali utayaka kale. Mlamuyo anafunyulula jeketeyo n'kuibwezera pamsomali. Anavula nsapato zake zazitali, n'kukhala pansi pafupi ndi bambo ake, mapazi atalozetsa kumbaula.

Madalawo anamina, n'kumugunyuza ndi chigongono.

"Tasuntha iwe, ukunditchinga moto."