Lilime la a Elmer Radtke

Trudy anayamba kukayikira chifukwa cha mkaka. M'mawa wina mu Epulo anapeza bambo ake, a Elmer Radtke, akumwa khofi wothira mkaka wosasa, wochita kuundana m'kapu, iwo ali phee kuwerenga za mpira m'nyuzipepala.  Patapita masabata angapo soseji inapserera pachitofu iwo ali pomwepo, ndipo amene anayamba kudandaula anali galu. Trudy ankakonda zinthu zozunguza mutu, moti ankatha Lamlungu lonse akudzaza timabokosi ta mawu m'nyuzipepala, koma mwambi uwu sanafune kuupezera yankho. Linabwera lokha. Chimfine chachikulu chimene chinawagoneka mu Febuluwale chinapita ndi mphuno ndi lilime lawo, ndipo sichinabweze.

Akanakhala okonza magalimoto, ikanakhala nkhani yongodandaula pa chakudya. Koma a Elmer anali ofulula mowa, monga bambo awo ndi agogo awo amene anakumba phanga logonekamo mowa m'tsinde mwa phiri atangofika ku Wisconsin. Ndipo mowa umene tauni yonse inkadziwira banja la Radtke unali wa Malichi, wofiirira ngati uchi wakale uja. Ankaufulula chisanu chikamatha, kuugoneka kuphanga nyengo yonse yotentha, n'kudzautsegula masamba akayamba kufiira, pa chikondwerero cha Okutobala.

Mowa umenewu uli ndi kakhalidwe kake. Ukamawira umatulutsa kafungo ka batala, ndipo ukaupatsa masiku, yisiti amadya yekha kafungoko. Ukautsitsira kozizira msanga, yisiti amagona, batala n'kutsala. A Elmer sankafunsa kalendala kapena makina za tsiku lotsitsira. Ankalawa, n'kunena kuti lero. Chaka chino analawanso, n'kunenanso kuti lero.

Trudy atatunga pang'ono mumgolo kumapeto kwa Seputembala, m'kamwa mwake munadzaza batala, ngati wa mbuliwuli za ku kanema.

"Bambo, mowawu mwaulawa?" anafunsa tsiku lomwelo.

"Ndaulawa. Uli bwino."

"Ine ndikumvamo batala."

"Batala ali m'mutu mwako. Ku yunivesite kuja anakuphunzitsani kusaka matenda mwa munthu wamoyo."

Mankhwala ake analipo: kuthiramo mowa wina wongowira kumene, yisiti wake akadali maso, n'kudikira masabata angapo. Koma chikondwerero chinali Loweruka likudzalo, ndipo wonena kuti migolo ituluke kapena isatuluke anali mmodzi yekha.

Lachitatu masana anapita kubala ya mayi Dolores, monga mwa mwambo wa chaka ndi chaka. Kuchipinda chakumbuyo, kumene nkhalamba zimasewera makadi, aliyense ankabwera ndi mowa wa Malichi umene waukonda chaka chimenecho, wofululidwa kulikonse m'dziko muno. Wa ku Jeremani weniweni ankauletsa, ati mwana sapikisana ndi agogo ake. Wothira ankakhuthulira mowa uliwonse mujagi yake kukhitchini, n'kumangapo riboni, kuti pasapezeke wodziwa kuti uwu ndi wa yani. Wa a Elmer unkalowa nawo nthawi zonse, ndipo nthawi zonse iwo ankauzindikira asanameze n'komwe.

Wothira chaka chino anali Trudy.

Anaima kukhitchini pakati pa fungo la anyezi ndi soseji zowira mumowa. Pa tebulo panali botolo la ku Milwaukee limene anabweretsa mayi Dolores, la ku Minnesota la a Gus okonza mapaipi, ndi la ku Texas la a Wendell, amene anagwira ntchito ya positi mpaka kupuma ndipo ankakonda kuputa anzawo. Panalinso chigubu chimene bambo ake anatunga okha kuphanga m'mawa uja. M'chikwama mwake Trudy anali ndi mabotolo awiri a chaka chatha amene anawasunga mufiriji. Akanathira amenewo, anthu akanayamika, bambo ake akanabwerera kunyumba akuimba, ndipo Loweruka tauni yonse ikanamwa batala pansi pa dzina lawo. Anatulutsa botolo limodzi, kuligwira mpaka dzanja linazizira, n'kulibwezera. Anatsegula chigubu, nathira mujagi ya riboni yachikasu.

Maganizo ake anali akuti anzawo akanena, bambo ake amva. Sanaganize zopitirira apo.

"Wabwera mlamu wathu!" anafuula a Wendell. Ankamutchula choncho kuyambira ali wamng'ono, popanda chifukwa chodziwika. "Thira msanga, mwana iwe, ena a ife adokotala anatiuza kuti tisamagule nthochi zosapsa."

"Iwe Wendell, wa ku Texas uja wabwera nayenso?" anatero a Gus. "Anthu amene sanaonepo chisanu angadziwe chiyani za mowa wogona?"

"Ali ndi mafiriji, mbuli iwe. Ukuganiza dziko lonse limafulula m'mauna ngati Elmer?"

"Una umenewo unakuledzeretsa pa ukwati wako," anayankha a Elmer. "Ndipo unafunikira."

Anayamba ndi riboni yofiira. Trudy anakhala pambali, akuyang'ana. Anaona chinthu chimene sanachionepo zaka zonsezi. Kale bambo ake ankamwa oyamba, n'kupereka chiweruzo ena asanakweze matambula. Lero anakweza tambula yawo kuwindo, kuitembenuza, kuyang'ana thovu, kuipukuta pansi ndi chala. Ankachedwa dala. Maso awo sanali pa mowa. Anali pa nkhope ya a Wendell, nkhope imene sinkadziwa kubisa kanthu, chifukwa chake ankaluza makadi sabata iliyonse.

A Wendell anameza, nakweza zikope, nagwedeza mutu. Apo m'pamene a Elmer anamwa.

"Chimera chake n'chabwino," anatero. "Wofulula uyu amawopa Mulungu."

"Ndimati ndinene zomwezo," anatero a Wendell.

Pa riboni yobiriwira mayi Dolores anatambasula milomo pang'ono, a Wendell nanyambita mano. A Elmer anamwa pambuyo pawo.

"Watsekemera kwambiri. Uwu ndi wa ana a sukulu."

Onse anaseka, navomera. Trudy sanaseke nawo. Mwambi wachiwiri unali utadzimasula wokha, ndipo yankho lake linali litaima pa tebulo, mujagi ya riboni yachikasu. Bambo ake sadzamva kwa anzawo. Adzalankhula okha.

Nthawi inalipo. Akanatha kugwetsa jagiyo ndi chigongono. Akanatha kugunda phazi la bambo ake pansi pa tebulo, ndipo akanamva, pakuti sanali opusa. Anaimirira, natenga jagi, nazungulira tebulo. Atafika pa bambo ake, mowa wina unatayikira pa nsalu.

"Waledzera usanamwe, mlamu?" anatero a Wendell.

Anakweza tambula, kumwa kwambiri monga mwa chizolowezi chawo, ndipo nkhope yawo inakwinyika yonse ngati nsanza yofinya. A Gus ananunkhiza, nayang'ana kudenga. Mayi Dolores anabweza tambula pa tebulo mwakachetechete, nayang'ana Trudy kamodzi. Iwo anali atagulitsa mowa wa Radtke moyo wawo wonse ndipo mtundu wake ankaudziwa.

A Elmer anaona nkhope zonsezo. Anamwa, nagubuduza mowa m'kamwa nthawi yaitali monga katswiri, n'kulavulira m'ndowa.

"Wendell, uwu ndi wako wa ku Texas uja, eti?"

"Ine sindikudziwa, koma ukakhala wanga ndiukana pamaso pa wansembe. Muli batala wokwana kukazingira nsomba za Lachisanu!"

"Batala, eya," anatero a Elmer msangamsanga, ngati munthu amene wapatsidwa chogwirira. "Batala weniweni. Amene anafulula uyu anathamanga. Anaugoneka usanathe ntchito yake. Ndipo choipa si kuthamangako, aliyense amalakwitsa. Choipa n'chakuti anaulola kutuluka pakhomo. Munthu wotere alibe lilime, kapena alibe manyazi."

"Elmer," anatero mayi Dolores, "idya soseji."

"Ndisiye, Dolores, ndinene. Bambo anga akanamupatsa tsache munthu ameneyu, azisesa pabwalo. Wofulula amene sangamve batala m'mowa wake atule pansi udindo, apite akawete nkhuku."

"Nkhuku zalakwanji?" anatero a Gus, ndipo a Wendell anaseka mpaka kutsokomola.

Trudy anathira riboni yoyera, yomaliza. Palibe chimene anamva pa zimene ananena. Itakwana nthawi youlula, anapita kukhitchini, nabwera ndi mabotolo, n'kumaimika lililonse pambali pa jagi yake. Wa ku Milwaukee pa yofiira. Wa ku Minnesota pa yobiriwira. Wa ku Texas pa yoyera, ndipo a Wendell anayamba kukuwa mokondwa, kenako anasiya pakati, pakuwerenga zotsala. Trudy anaika chigubu pambali pa riboni yachikasu.



"Aaa, mwina jagi inali yosatsuka," anatero a Wendell. "Dolores, iwe majagi ako aja..."

"Majagi anga ndi oyera," anatero mayi Dolores, motsitsa mawu.

A Elmer anayang'ana chigubu, nayang'ana mwana wawo. Anavala chipewa, nasiya soseji ili yolumidwa kamodzi, natuluka.

Trudy anawapeza kuphanga dzuwa likupendeka. Anali atakhala pa kabenchi pakati pa migolo, jekete ili m'mawondo, ngakhale munali mozizira.

"Unadziwa liti?" anafunsa a Elmer osatembenuka.

"Tsiku la mkaka."

"Mkaka uti?"

"Mu Epulo. Munamwa wosasa."

"Ndiye miyezi yonseyi umangondionera? Ngati timabokosi tako ta m'nyuzipepala tija?"

"Ndinakuuzani za batala, Bambo."

"Unandiuza za batala. Sunandiuze kuti ukudziwa za ine." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Ukanandigunda phazi. Unali pafupi."

"Ndinali pafupi."

"Nanga?"

 Mayankho amene Trudy anali nawo onse anali oona, ndipo panalibe limodzi limene likanathandiza.

"Adokotala anati mwina zibwerera," anatero a Elmer. "Mwina. M'mawa uliwonse ndimatsegula kabotolo ka hopu, timaluwa tonunkhiritsa mowa tija, kununkhiza. Zimangokhala ngati ndanunkhiza madzi." Anagogoda mgolo wapafupi ndi nkhonya. "Loweruka sutuluka uwu. Uwauze a komiti ya chikondwerero, akagule wa ku Milwaukee uja, Wendell waukonda. Mawa uthiremo watsopano wa mu thanki yaing'ono."

"Ndiwauza kuti chiyani?"

"Zimene ndanena ine. Unazimva bwino. Ndi za nkhuku zomwe."

"Bambo..."

"Osandibambo."

Anaimirira, natenga katambula kolawira kamene kankakhala pamsomali, napita ku thanki yaing'ono kumene mowa wina unali kuwira. Anatunga. Dzanja lawo linakwera lokha kupita kumphuno, monga lakhala likuchitira kuyambira ali mnyamata, ndipo linaima pamenepo kanthawi. Kenako anatambasula mkono, osamuyang'ana.

"Lawa. Undiuze ngati yisiti wake ali ndi mphamvu."

Trudy analandira. Atakweza katambula anaona kuti tsopano akumuyang'ana, maso ali pa milomo yake ndi pa zikope, monga momwe anayang'anira a Wendell masana aja. Mowa unali wabwino. Koma anausunga m'kamwa osameza, chifukwa mwadzidzidzi sanadziwe kuti nkhope yake aiike bwanji.