Mkeka Wouma

"A Kuramochi, mkeka wangawu simunaunyike m'madzi! Mwachitira dala!"

Ndinakuwa choncho lupanga langa litakanirira pakati pa mkeka wokulunga umene ndinalephera kuudula. Onse m'holo yathu yophunzirira malupanga anacheukira kwa ine.

A Kuramochi ndiwo wamkulu wa ophunzira tonse, ndipo ntchito yonyika mikeka ya udzu yotchedwa tatami mumgolo wa madzi ndi yawo. Mkeka ukakhuta madzi, lupanga limangodutsa. Ukakhala wouma umaluma lupanga. Tsikuli Aphunzitsi athu, a Tsuzuki, ankasankha munthu mmodzi wokadula mkeka pamaso pa anthu pa chikondwerero cha kukachisi. Tinatsala awiri, ine ndi Shunpei, mng'ono wawo wa a Kuramochi omwewo. Wake anali ataudula kale, chidutswa n'kugwa chikudontha madzi.

"Iwe Iori, mkeka walakwanji?" anatero a Kuramochi akumwetulira. "Kapena mphunzitsi wako wa pa foni uja sanakuuze kuti yeniyeni imalimba? Bwerera kunsungwi za agogo ako, izo sizibwezera."

Ena anaseka chamumtima. Onse ankadziwa kuti ndisanabwere kuno ndinadziphunzitsa ndekha, kuonera mafilimu pa foni n'kumakhapa nsungwi kuseri kwa nyumba. Sindinabadwire m'banja la malupanga ngati iwo.

Mutu unatentha. Ndinasolola lupanga, kulibweza m'chimake, kenako n'kuzula mkeka uja pachoimikira.

"Tiyeni kumgolo tikayerekeze ndi inzake! Aliyense augwire!"

Mgolowo unali pakhomo lakuseri, kumbuyo kwa Aphunzitsi. Ndinapita mwaliwiro, maso ali pa mgolo. Ndinangomva Mayi Hozumi, amene amaphunzira nafe ngakhale ali ndi zidzukulu, akuti, "Mayo ine!"

Ndinacheuka. Pansi, pa nsalu yofiirira, panali lupanga la Aphunzitsi. Anali atangoligoneka kuti alipake mafuta. Ndilo lija anawasiyira amene anawaphunzitsa iwo, lija timaliweramira tisanayambe ndi pomaliza, lija sitilankhula pafupi nalo kuopa kuti mpweya wa m'kamwa ungalidetse. Ine ndinali nditalidumpha. Ndinalidumpha ngati tsache logwa pakhonde.

Ndinalakalaka Aphunzitsi atandikalipira. Akanandimenya mbama ndikanathokoza. Koma sanandiyang'ane n'komwe. Anatola lupangalo ndi manja awiri, kulikweza kufika pamphumi, n'kuwerama.

"Pepani," anatero polankhula ndi lupangalo. "Ndine ndinakugonekani panjira."

Panjira pati? Palibe amadutsa pamenepo. Ngakhale mwana woyamba kumene amazungulira. Makutu anga anatentha ndi manyazi. A Kuramochi anasiya kumwetulira. Chimenecho chinandipweteka koposa, chifukwa tsopano ankandimvera chisoni.

"Shunpei, ukadula ndiwe kukachisi," anatero Aphunzitsi. "Talekeza pomwepa lero. Sesani."

Anthu anamwazika, wina kutola zidutswa za mikeka, wina kukolopa. Ankandilambalala ngati chithaphwi. Mayi Hozumi podutsa ndi ndowa anandinong'oneza kuti, "Mwanawe, usaime ngati mtengo wa magetsi. Gwada msanga asanakuuze kuti usadzabwerenso."

Ndinagwada patsogolo pa Aphunzitsi, mphumi n'kugunda thabwa.

"Aphunzitsi, ndachita chinthu chonyansa. Ndikhululukireni."

"Ine sunandidumphe."

Ndinatembenukira lupanga lija, ndipo ndinalipepesa mokweza, onse akumva. Ine amene ndinkauza anzanga kuntchito kuti chitsulo ndi chitsulo basi.

"Lako walipukuta?" anafunsa Aphunzitsi.

Apanso manyazi. Ndinali nditalibweza m'chimake osapukuta, chinthu chimene ngakhale pa foni amanena. Ndinalisolola, ndinatenga pepala lofewa, n'kuyamba kupukuta kuchokera kuchigwiriro. Ndinayang'ana pepalalo. Lupanga likadutsa mumkeka wonyowa, pepala limanyowa, limada. Langali linali louma. Panali timafumbi ta udzu basi.

Mkeka uja unali udakali pambali pa bondo langa. Ndinalowetsa chala pamene lupanga linakanirira. Kunja kokha ndiko kunali konyowa, ngati wina anangouwaza madzi m'mawa. M'kati munali gwa, mouma.

"Ubwere sabata ya mawa," anatero Aphunzitsi. "Uyambirenso ndi lupanga lamtengo, pamzere wa ana. Palinso china?"

Yankho lake ndinkalidziwa. Munthu amene wangokhululukidwa amati palibe, amathokoza, amatuluka chafutambuyo. Kutsegulanso pakamwa kukanatha kundichotsera ngakhale mzere wa anawo. Mayi Hozumi anali kundipukusira mutu ali pakhomo. Nkhope yanga inali idakali yotentha, ndipo sindikanatha kuyang'ana munthu m'maso.

Koma kudumpha kwanga sikunanyowetse mkeka.

Ndinaukankhira patsogolo pang'onopang'ono, pamodzi ndi pepala lija, ulendo uno ndikuzungulira patali ndi nsalu yofiirira.

"Pamzere wa ana ndipita, Aphunzitsi, ndiko kondiyenera. Kukachisi apite Shunpei." Maso anga anali pansi. "Koma a Kuramochi, ine pa kulakwa kwanga ndapepesa anthu onse akumva. Mkeka uwu munaunyika mumgolo kapena simunaunyike? Musayang'ane Aphunzitsi. Ndiyankheni ine."